Thandizeni: magujiya anga akuphulikira m'mafuta, ndikulakwitsa pati?

mayi_wa_ku_Katoto

Moni nonse m'gulu muno, monire mose a kuno kwathu. Ndabwera ndi nkhani ya kukhitchini koma kwa ine ndi nkhani ya mumtima ndithu, nde chonde amene mukudziwa musangowerenga nkudutsa.

Kuseri kwa mpanda wathu kuno ku Katoto kumakhala agogo ena achimwenye, takhala moyandikana zaka 6 tsopano. Chaka chilichonse ikafika Holi, chikondwerero chawo chija amathirana utoto mu Malichi, komanso Diwali ya nyali ija, agogowa amatitumizira mbale ya tinthu tokoma totchedwa gujiya. Amene simunaonepo tangoganizani kasamusa koma kopindidwa ngati theka la mwezi, m'mphepete mopotedwa bwinobwino ngati chingwe, mkati mulibe nyama kapena anyezi ayi, muli zinazake za mkaka zotsekemera zosakaniza ndi kokonati ndi mphesa zouma, kunja konyezimira komata m'zala chifukwa amaviika m'madzi a shuga. Ana anga amachita kuwerengera miyezi kuti mbale ija ibwera liti.

Tsono chaka chino manja awo avuta, nyamakazi yawagwira zala moti ngakhale kutsegula botolo amachita kuitana munthu. Sabata yatha ndinapita kukawaona nde anandiuza okha kuti Holi ya chaka chino idutsa popanda gujiya, koyamba chikwatiwire, ndipo amanena akuyang'ana pansi. Ana awo onse ali kunja. Ine zinandikhudza kwambiri chifukwa mayi amenewa, mwana wanga wachiwiri atagonekedwa m'chipatala ndi chibayo, ndi amene ankaphikira ana otsala pakhomo masiku 9 osatopa, ndipo mbale zawo zonse zija ndakhala ndikubweza ndi nthochi kapena mapeyala basi. Nde ndati ulendo uno mbale ichokere kwathu kupita kwawo.

Loweruka ndinayesa. Ndinatenga fulawa makapu 2, majalini supuni imodzi, madzi ofunda, nkukanda mpaka kufewa ngati mmene ndimachitira mandasi. Zam'kati ndinaphika mkaka wa ufa ndi shuga ndi timadzi mpaka zinalimba ngati phala, ndinathiramo kokonati, kenako nkuyamba kuika mu timitanda tija zisanazizire chifukwa kunali kukuda komanso magetsi anali atazima. Kumata ndinamata ndi madzi. Mafuta ndinawasiya atenthe ngati a zitumbuwa nkuponyamo. Abale, pa magujiya 16, okwana 7 anang'ambika pompo, zam'kati zonse kutulukira m'chiwaya, mafuta kuda bii ndi fungo la shuga wopserera. Otsalawo kunja anapsa msanga nkutuluka matuza koma ndikanyema mkati fulawa yemwe uja wosapsa. Ndinawaviikabe m'madzi a shuga kwa mphindi ngati 30 kuti mwina alowerere, nde analobodoka ngati buledi wogwera mu tiyi.

Ndilakwitsa pati? Ndi fulawa, ndi moto, kapena zam'katimu? Ndipo ghee amene amanenayo, mafuta oyengedwa kuchokera ku batala aja, kuno ku Mzuzu ndingamupeze bwanji, poti kuwafunsa agogowo sindikufuna, ndikufuna angoona mbale yafika. Kwatsala masabata awiri ndi theka.

wa_samusa_Luwinga

Mayi pepani ndi mafutawo, mmene akudulira masiku ano zimawawa. Ine gujiya sindinapangepo, sindinama, koma samusa ndimakazinga mazana awiri patsiku nde zophulika ndimazidziwa. Chinthu chomata chikamang'ambika m'mafuta nthawi zambiri ndi zitatu, mwadzazitsa, kapena mwatsekera mpweya mkati, kapena pomata panali mafuta kapena zam'kati zinakhudzapo. Madzi okha samata zolimba. Sungunulani fulawa supuni imodzi m'timadzi akhale ngati kaphala kamadzimadzi, muzipaka ndi chala m'mphepete monse musanapinde, mukapinda yambani kufinya kuchokera pafupi ndi zam'katizo kupita kunja kuti mpweya uthawe. Ndipo imodzi ikaphulika musapitirize, chotsani chiwaya pamoto musefe mafutawo kaye, apo ayi zonse zotsatira zituluka ndi madontho akuda komanso kuwawa. Zinazo adikire eni ake odziwa.

gogo_wa_Chibavi

Mwanangu wa ku Katoto, ndawerenga uthenga wako kawiri ndipo ndamuitana mdzukulu wanga kuti andilembere chifukwa maso anga pafoni savomera zilembo zambiri. Ine ndinagwira ntchito yophika m'nyumba ya amwenye ku Limbe zaka 14 ndisanabwerere kuno kumudzi, ndipo nthawi ya Diwali timakhala pansi pamkeka azimayi anayi kapena asanu kupinda zimenezi kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. Chimene ukufuna kuchitachi ndi chabwino, usagwe mphwayi. Koma choyamba chotsa mandasi m'mutu mwako. Chilichonse chimene dzanja lako linazolowera pa mandasi, apa uchite chosemphana nacho.

Ndiyambe ndi mtanda. Supuni imodzi ya majalini pa makapu 2 a fulawa yachepa kwambiri, nchifukwa chake sizinakukutike. Pa makapu 2 pamafunika ghee wosungunula supuni zazikulu 4, ndiye kuti kota ya kapu. Amwenye mafuta othira mu fulawa amenewa amawatcha moyan ndipo mayi amene anandiphunzitsa sankalola kuti dontho la madzi ligwere m'beseni asanaone okha. Uzifikisa fulawa ndi ghee pakati pa zikhato, kufikisa ndithu mphindi zingapo mpaka aoneke ngati mchenga wonyowa, kenako utape wodzaza dzanja ufumbate. Ukatambasula dzanja akhale chibulumwa chooneka mizere ya zala zako, osamwazika. Akamwazika onjezera ghee pang'ono. Akagwirana ndi pamene uyambe kuthira madzi, ozizira osati ofunda, pang'onopang'ono ndi supuni, onse pamodzi sakwana ndi theka la kapu lomwe. Mtanda ukhale wolimba woti ukadina ndi chala uzichita kukana. Usakandenso kwambiri ayi, ungogwirizanitsa basi. Fulawa akhale wamba uja, osati wothira kale zofufumitsa, ndipo usaikemo yisiti, soda kapena dzira. Ukatero vundikira ndi kansalu konyowa kofinya bwino, usiye mphindi 30. Matuza amene unaona aja anabwera chifukwa mtanda unali wofewa wamadzi ambiri, moto nkukhalanso waukali.

Za ghee usavutike nkuyendayenda m'mashopu. Gula batala weniweni wa mkaka wa ng'ombe, makamaka wopanda mchere, uike m'kapoto pamoto wochepa. Asungunuka, achita thovu, alira tcherr kwa kanthawi, kenako aleka kulira ndipo pansi uona tinyenyeswa tofiirira, pamwamba mafuta oyera mbee ngati uchi wosungunuka ndi kafungo kabwino. Zimatenga mphindi 15 kapena 20. Sefa ndi kansalu koyera, ameneyo ndiye ghee. Batala wa magalamu 250 amakupatsa ghee pafupifupi magalamu 200, akukwanira mtanda ndi zam'kati nkutsalako. Majalini ali ndi madzi mkati komanso kafungo kake agogo akowo akangoluma adzadziwa. Ngati batala wavuta, mafuta ophikira wamba ndi abwinoko kuposa majalini.

Tsopano zam'kati, apa mpamene pali mtima wa gujiya. Dzina lake ndi mawa, ena amati khoya, ndipo si china ayi koma mkaka wowiritsa mpaka madzi onse atathamo. Iwe uli ndi mwayi chifukwa kuno mkaka wa ng'ombe wongokama kumene supita patali, anyamata a njinga amabwera nawo m'mawa kuchokera m'midzi yozungulira tawuni. Tenga lita imodzi ya mkaka wosasungunula ndi madzi, poto wokhuthala pansi komanso wotambalala, moto wapakati, mthiko m'manja. Uzitakasa nkumapala m'mbali ndi pansi, zouma za m'mbalizo uzibwezera momwemo. Ola loyamba uona ngati palibe chikuchitika. Kenako uyamba kukhuthala, usintha mtundu kukhala wachikasu pang'ono, nde apa usachokepo ngakhale mwana alire, chepetsa moto chifukwa umapserera m'kuphethira kwa diso ndipo ukapserera fungo lake silichoka. Ukafika pokhala ngati nsima yofewa yosiyana ndi poto, wapsa. Lita imodzi imatuluka mawa pafupifupi magalamu 200, kambale kakang'ono, usadabwe kuti mkaka wonse uja wapita kuti. Pa magujiya 18 kapena 20 akukwana.

Mawa amenewo uwakazingenso m'chiwaya chouma mphindi zochepa mpaka afiirire pang'ono ndi kuyoyoka. Payekha ukazinge semolina, ufa wokhakhala wa tirigu, kota ya kapu mu supuni ya ghee mpaka anunkhire, amwenye amati suji, ntchito yake ndi kumwa chinyontho chotsala. Kokonati wouma wa m'paketi kota ya kapu umuwambe pang'ono. Mphesa zouma dzanja limodzi. Cardamom, chonunkhiritsa chakudya, njere za m'makoko 5 kapena 6 usinje, ukamafunsa kwa amalonda a ku Tanzania unene kuti iliki akumva msanga, amwenye amati elaichi.

Ndiye mvetsera apa, chifukwa ichi ndi chimene chinaphulitsa ako aja. Shuga sathiridwa pamoto. Zonsezi uzisiye zizizire ziii, zoti ukaika chala osamva kufunda kulikonse, ndi pamene usakanize shuga. Ukathira zikadali zotentha shuga amasungunuka nkusanduka madzi, madziwo amanyowetsa mtanda kuchokera mkati, ndipo m'mafuta amasanduka nthunzi yofuna potulukira. Shugayo umusinje mu mtondo woyera kapena pa blenda akhale ufa. Poti udzaviikanso m'madzi a shuga, mkatimu theka la kapu ndi wambiri kale, ine ndimachepetsako. Zam'kati zabwino ukatapa ndi supuni zimayoyoka, sizikhala phala.

Moto. Mafuta a zitumbuwa ayi mwanangu. Ponyamo kanyenyeswa ka mtanda, kamire kaye pansi, katulutse tithovu tating'ono, kenako kakwere mwaulesi. Kakangoti vuu pamwamba nthawi yomweyo ndiye kuti atenthetsa. Pa mbaula ndi bwino kusiyana ndi pa hotipuleti, uphimbe makala ndi phulusa pang'ono. Uike 4 kapena 5 nthawi imodzi, usawagwiregwire, atembenuze akalimba mbali imodzi, ulendo umodzi utenge mphindi 12 mpaka 15. Atuluke a mtundu wa bisiketi, osati ofiira ngati mandasi. Ukachotsa, chiwaya uchiike pansi kaye chipole usanaikemo ena.

Mdzukulu wanga akuti chala chatopa, za madzi a shuga ndilembetsa madzulo.

mphunzitsi_Zolozolo

Agogo a ku Chibavi mwatiphunzitsa tonse, ine ndakopera zonse m'kope. Koma ndili ndi kachikaiko pang'ono pa nkhani yoviika m'madzi a shugayi ndipo ndibwino asisi a ku Katoto atsimikize asanavutike. Amwenye ambiri a kuno ku Malawi makolo awo anachokera ku Gujarat, ndipo kumeneko chakudyachi amachitcha ghughra, amapanga kwambiri pa Diwali, ndipo amene ndinadyapo ine kwa mnzanga wina amene tinaphunzira limodzi anali ouma, osaviika mu chilichonse. Ku Maharashtra amati karanji, mkati mumachuluka kokonati, nawonso ouma. Ku Goa amati nevri ndipo ngakhale akhristu a kumeneko amapanga pa Khirisimasi. Dzina loti gujiya ndi la kumpoto kwa India, madera ngati Uttar Pradesh, Rajasthan ndi Madhya Pradesh, uko ndi kumene Holi siidutsa popanda chimenechi komanso kumene ena amaviika. Palinso abale ake awiri amene amaviikidwa nthawi zonse, chandrakala amene amakhala wozungulira chifukwa amaphatikiza timitanda tiwiri kamodzi pamwamba pa kanzake, ndi lavang latika wodziwika ku Bengal ndi Bihar amene amapindidwa ngati envelopu nkubaya clove imodzi pakati kuti asamasuke. Nde asisi, amene amakutumiziraniwo mukutsimikiza kuti ndi a theka la mwezi komanso omata m'zala?

China chimene ndikuona kuti nchofunika kuposa zonse, ngati agogowo ndi Mhindu wosadya nyama, ambiri otere ngakhale dzira sadya. Musamate ndi dzira ngati mmene ena amachitira ndi mitipayi, ndipo mafuta akhale atsopano, chiwaya chisakhale chimene mumakazingira usipa kapena nkhuku. Mwina sangakufunseni chifukwa cha ulemu koma mukawauza nokha kuti zonse zinali zatsopano adya ndi mtima wokhazikika.

Funso langa kwa agogo, ma almond ndi ma cashew mitengo yake simasewera, kodi mtedza wathu sungalowe m'malo?

mayi_wa_ku_Katoto

Yewo chomene nonse, ndawerenga ndili kuntchito mpaka misozi kulengeza. Achimwene a samusa, zoona ndinadzazitsa, ndimafuna akhale onenepa ngati awo aja. Agogo, chilichonse mwatchula ndi chimene ndinachita mosemphana, makamaka shuga pamoto ndi kuika zotentha.

Aphunzitsi, funso lanu ndi labwino. Agogowa si a ku Gujarat ayi, kwawo ndi ku Uttar Pradesh, amuna awo anabwera kuno pa ntchito kalekale nde anangokhazikika. Eni ake amatchula kuti gujiya ndipo ndi a theka la mwezi, onyezimira, pamwamba amawaza timtedza tobiriwira todulidwa. Za dzira ndi chiwaya sindinaganizeko nkomwe ndipo mwandipulumutsa, chifukwa zoona sadya nyama, nsomba kapena mazira, ndipo chiwaya chimene ndinagwiritsa Loweruka ndi chomwe chija cha usipa. Mawa ndikagula chatsopano mumsika.

Chimene chikundidetsa nkhawa ndi nthawi ya mkakayo. Ndimaweruka 5 koloko, kodi mawa aja ndingapange tsiku lina nkusunga? Nanga mkaka wa ufa ndi woletsedweratu?

gogo_wa_Chibavi

Ndabweranso monga ndinalonjeza. Aphunzitsi mwanena zoona, nyumba imene ndinkagwira ine inali ya anthu a ku Gujarat ndipo ambiri tinkapanga ouma osunga m'zitini, koma oviika tinkapanganso mbale imodzi ya alendo a tsiku lomwelo, nchifukwa chake ndikudziwa zonse ziwiri. Za mtedza, thirani, koma wokazinga wochotsa makoko, wosinja mokhakhala osati nsinjiro, ndipo pang'ono chifukwa fungo la mtedza wathu ndi lamphamvu limaphimba mkaka ndi iliki. Macadamia ngati mwawapeza ndi amene amayandikira kwambiri, ndipo amalimidwa konkuno kumpoto. Tobiriwira timene akunena mwanangayo ndi pistachio, ndi tokongoletsa chabe, tikasowa palibe mlandu.

Mwanangu, mawa a mkaka aja upange usiku wa dzulo lake, ukazinge, azizire, uike mu fuliji m'kontena yotseka, masiku awiri savuta. Kunena zoona zam'kati zogona zimakhala bwino kuposa za tsiku lomwelo chifukwa zimakhala zitaziziratu. Mkaka wa ufa siwoletsedwa, ngakhale eni akewo masiku ano ambiri amachita zachidule, kapu imodzi ya mkaka wa ufa wa full cream, kota ya kapu ya mkaka wamadzi, supuni 2 za ghee, pamoto wochepa mphindi 5 kapena kuposerapo pang'ono mpaka zigwirane, opanda shuga. Zimatheka. Koma poti ukupangira munthu wamkulu amene anakulira pa mkaka wowiritsa, ine ndikanakhala iwe ndikanaima pa mbaula ola ndi theka limenelo.

Kupinda, dula mtanda timibulu tofanana ndi ndimu yaing'ono, uyale ndi botolo loyera pa tebulo kakhale kozungulira kukula ngati pakamwa pa kapu yaikulu ya tiyi, kasapyapyale ngati ka samusa koma kasakhuthalenso. Usawaze fulawa wouma poyala, ghee ali mkatimo akwanira. Zam'kati supuni imodzi yosasefukira, pakati. Paka kaphala kamene anena achimwene a ku Luwinga, pinda, finya. Kupota kwa chingwe kuja kumafuna munthu akuonetse ndi manja, polemba sindingathe, nde iwe dinda m'mphepete ndi foloko, zimagwira bwino lomwe. Amene wamaliza kupinda uziwaika pansi pa nsalu yonyowa, akauma asanalowe m'mafuta amachita ming'alu.

Tsono madzi a shuga, eni ake amati chashni. Shuga kapu imodzi, madzi theka la kapu. Iwe ndikukhulupirira unachulutsa madzi. Takasa mpaka shuga asungunuke, akawira usiye kutakasa, awire mphindi 5 mpaka 7. Tapa ndi supuni, dikira apole pang'ono usapse, dontheza pa chala cha mkombaphala, gunditsa ndi chala chachikulu nkutambasula pang'onopang'ono. Pakaoneka kaulusi kamodzi kopyapyala pakati pa zala ziwirizo, chotsa pamoto. Pakapanda ulusi ndi madzi chabe amenewo ndipo alowa mu gujiya nkumulobodola. Pakaoneka maulusi awiri wapitirira, akazizira auma mbuu ngati chipale pamwamba, thiramo supuni ya madzi otentha ubwezere. Finyiramo madontho ochepa a ndimu kuti shuga asabwerere kukhala mchenga, ndi ka iliki pang'ono.

Poviika, chashni akhale wofunda, magujiya akhalenso ofunda, atapuma mphindi zochepa chichokereni m'mafuta. Mphindi 2 kapena 3 zokha, kutembenuza kamodzi, nkuchotsa kuyala pa thireyi motalikirana. Mphindi 30 zako zija ndi za gulab jamun, timibulu totsekemera ta mkaka, amene amafunika kumwa mpaka mkati. Gujiya amangofuna chovala chonyezimira, mkati mwake muli kale kukoma kwake.

Ndi mvula ya Mzuzu ino chinyontho chili paliponse, nde uviike m'mawa wa tsiku lokapereka. Oviika asapitirire masiku 3 kapena 4 ali panja. Osaviika ukawatsekera m'chitini atazizira amatha sabata bwinobwino.

wa_samusa_Luwinga

Agogo mphindi 15 ulendo umodzi, ndiye kuti chinthuchi ndi cha chikondi osati cha geni, makala angathere pomwepo. Komabe ndiyesa Lamulungu kupangira madamu ndi ana. Mayi a ku Katoto, chiwaya chatsopano musanakazingiremo muwiritsemo madzi kaye nkupakamo mafuta, zina zimabwera ndi fungo la chitsulo.

mayi_wa_ku_Katoto

Ndabwera kudzapereka lipoti chifukwa mukuyenera kumva.

Ndinayeserera kaye Loweruka lapitalo ndi theka la muyeso, anaphulika awiri pa 9, ndipo nditayang'anitsitsa onse awiri anali amene ndinayala mopyapyala mbali imodzi. Chashni woyamba ndinapitiriza, anauma mbuu ngati mmene munanenera agogo, ndinabwezera ndi madzi otentha zinatheka. Lachiwiri usiku ndinakhala pa mbaula pakhonde ndi lita ndi theka ya mkaka, mvula ikugwa, kuyambira 7 koloko mpaka cha m'ma 9, mwana wanga wamkazi akundilandira mthiko dzanja likatopa. Nthawi imene unayamba kukhuthala kafungo kanadzaza pakhonde ponse, kafungo komwe kaja kamatuluka pawindo la agogo chaka ndi chaka, mwanayo anangoti amama ndi zomwezija. Lachitatu nditaweruka tinapinda 24, kudinda ndi foloko, kukazinga maulendo asanu pamoto wophimba ndi phulusa. Sanaphulike ngakhale amodzi. Ndinaika macadamia m'malo mwa almond. Kuviika ndinaviika m'mawa wa tsiku la Holi, ndinangowafunditsa pang'ono mu uvuni kaye chifukwa anali atagona.

Tinapita ndi ana onse atatu, mbale yake yomwe ija ya maluwa abuluu imene inatsalira kwathu pa Diwali, titavundikira ndi kansalu. Anatsegula okha. Anakhala kaye chete nthawi yaitali akungoyang'ana, kenako anatenga imodzi ndi manja awiri chifukwa zala sizigwira bwino, ananyema pakati, kuyang'ana mkati, kununkhiza. Ndinawauza msanga kuti chiwaya nchatsopano, mafuta ngatsopano, mulibe dzira. Asanalawe anatenga awiri nkuika m'kambale kupita nawo pa kakona kawo kopempherera, atabwerako ndi pamene anadya. Anandifunsa kuti mawa a mkakawo ndagula kuti, nditawauza kuti ndawiritsa ndekha pa mbaula anandigwira dzanja osalisiya. Kenako anatulutsa kapaketi ka utoto wa pinki nkutipaka tonse pamasaya ndi chala chimodzi, ana kusangalala kwake simunganene.

Sanandibisire zolakwika ayi. Akuti shuga wam'kati ndichepetsenso, iliki ndionjezere, ndipo chikopa chikanapyapyalako pang'ono. Za foloko anaseka nkunena kuti gujiya wa foloko ndi wa anthu othamanga, nde tapangana kuti Lachinayi likubwerali madzulo ndipite ndi mtanda wokandakanda, iwo azindiuza ndi pakamwa ine ndizipota ndi zala zanga mpaka chingwe chija chituluke. Akuti tikatha pamenepo andionetsanso chandrakala amene munatchula aphunzitsi.

Agogo a ku Chibavi, ndasungako 6 osaviika m'chitini ndi anu. Mdzukulu wanuyo andilembere ku inbox kuti ndingakupezeni pati, Loweruka masana ndili ndi mpata.